Usiku wa pa tepi unali wobiriwira

Mwana wa mlongo wanga anandiitana Loweruka lina ku Namiyango kuti ndikaone sikirini yake yatsopano. Ndi zija zopyapyala ngati chitseko cha kabati, zopachika pakhoma malo amene kale tinkapachika kalendala ya kutchalitchi. Mnyamatayu amadziwa kuti ankolo ake salankhula mawu khumi osatchulapo za kale, choncho anandikonzera msampha. Anapeza Evil Dead, filimu ya Sam Raimi ya 1981, imene ndakhala ndikumuuza kuyambira ali kamwana kuti inandigonetsa pakati pa achimwene anga awiri sabata yathunthu. "Ankolo, iyi ndi yokonzedwanso, ya 4K. Lero muiona mmene inalili zenizeni." Ndinakhazikika pa sofa, tiyi m'manja. Mphindi makumi awiri zisanathe ndinali nditayamba kale kung'ung'udza. M'nkhalango muja masamba ankachita kuwerengeka. Nkhope za ogwidwa ziwanda zinkaonekeratu kuti wina anazimata ndi manja, ngati mayi wotsutsuta khoma ndi dothi. Usiku unali wakuda bwinobwino, wopendekera ku buluu. Koma ine usiku wa m'filimu imeneyi ndimaudziwa: ndi wobiriwira ngati ndere za pachithaphwi. "Aiwononga," ndinatero. Mnyamata anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Inu amene munakulira ku Bangwe m'zaka za m'ma 1990 mukudziwa kumene ndinaionera. Dziko lino linalibe nyumba youlutsira kanema mpaka TVM itatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ndipo ngakhale itatsegulidwa, nyumba zokhala ndi TV kuchokera ku Mvula kukafika ku Ntopwa zinali zoloza ndi chala. Kanema wathu anali vidiyo sho: kachipinda kuseri kwa msika, kapena chisakasa cha makatoni ndi mapepala akuda apulasitiki, pakhomo atatchinga chiguduli. Panja pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo, m'Chingerezi choti mwini wake wa chilankhulocho akanapempha womasulira. Sipika ankaisendeza kufupi ndi khomo kuti kukuwa kwa ophedwa kuziitana makasitomala. Ukapereka kandalama kako kachitsulo, kaja unapatsidwa kuti ukagule mchere, unkalowa mumdima momwe mphuno inkayamba kuona maso asanazolowere: thukuta la anthu othithikana, mapazi a fumbi, chimanga chootcha, mafuta a zitumbuwa, chingambwe cha mdala wina kumbuyo, ndi kafungo kena ka fumbi lopserera kochokera kuseri kwa TV. Miyezi ya chiperoni, nkhungu ikatsetsereka paphiri la Bangwe, m'menemo munali mofunda kuposa kwathu. Mu Okutobala munali ng'anjo, koma palibe ankatuluka.

Munalinso mwambo wake. Ana pansi kutsogolo, makosi chagada. Akuluakulu pabenchi la matabwa osapala lija linkang'amba makabudula a sukulu. Wamkulu akalowa unkasuntha osauzidwa. Kuonera mwakachetechete kunalibe. Nthawi zonse pankakhala wina amene anaionapo kale kasanu, ndipo ameneyo ndiye anali mtsogoleri wa mapemphero: "Taonani tsopano, taonani! Usatsegule chitsekocho, iwe mtsikana!" Mtsikana ankatsegula ndithu, ndipo chipinda chonse chinkamutukwana limodzi.

Mphwanga uja amaonera yekha, zomvera m'makutu, dzanja lina pa foni. Pakafika poopsa amaimitsa, n'kupita kukatenga madzi akumwa mufiriji, kenako n'kubweza kumbuyo kuti aone bwino mmene anachitira. Ana inu, mzukwa woti mungauuze kuti "tadikira kaye" ndi mzukwanso? Komabe ndisamunyoze kwambiri, chifukwa amadziwa zinthu zimene ife sitinkazilota. Ndiye amene anandifotokozera kuti okonzanso mafilimu akale amakatenga negativi yeniyeni imene inadutsa mu kamera, n'kuijambulanso ndi makina chithunzi chimodzichimodzi, n'kuchotsa fumbi ndi mikwingwirima pa kompyuta. Apo ndinavomera. Pamene ndinamugwira mpamene ananena kuti "mtundu wake weniweni." Aliyense amene anajambulitsapo pa situdiyo za ku Limbe masiku a filimu amakumbukira mmene negativi inkaonekera ukaiyang'ana padzuwa: yonse yofiirira ngati madzi a tiyi, munthu wakuda ali mbee, mano ali bii. Negativi ilibe mtundu womaliza. Mtundu umabadwa potsuka, pamene munthu wina wakhala pansi n'kusankha kuti apa tionjezere kufiira, apa tidetse. Mu 1981 anasankha munthu. Lero akusankhanso munthu, pa makina ena, ndi maso ena.

Vuto lake n'lakuti mboni zakale nazo zinasintha mawu. Mafilimu ambiri otsukidwa pa Eastmancolor kuyambira m'ma 1950 anasuluka, mitundu ina n'kuthawa, kutsala kufiirira kokhakokha ngati chitenje chimene chakhalitsa pachingwe. Martin Scorsese anachita kudandaula poyera za nkhaniyi mu 1980, ndipo mu 1990 anayambitsa bungwe la The Film Foundation lopulumutsa mafilimu akale. Ndiye wokonzanso akafuna kufananiza ntchito yake ndi kope lakale, amapeza kopelo lakalamba kuposa chikumbumtima cha amene anajambula.

Nanga ife tinkaonera chiyani? Tepi isanafike ku Bangwe inali itayenda ulendo wa matchona. Wina anabwera nayo kuchokera ku Joni m'chikwama cha zovala, wina ku Limbe analumikiza madeki awiri n'kukopa, wa ku Ndirande n'kukopa pa kope limenelo, ife n'kulandira chidzukulu cha chidzukulu. Tepi ya VHS, imene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, ndi youmira pa nkhani ya mitundu: imasunga kuwala ndi mdima bwinoko, koma utoto imangoupaka mwachisawawa pamwamba. Kukopa kulikonse kunkasokoneza utotowo, ndipo woyamba kutayikira unali wofiira. Magazi sankakhala pabala. Ankasefukira kumanja, kudutsa malaya, kukafika pakhoma, ngati mwana wa sitandade 1 wapaka kheleyoni kupyola mzere. Milomo ya akazi inkayenda payokha. Mdima sunali wakuda koma wamphumphu zoyendayenda ngati nyerere, ndipo m'nyerere zimenezo diso lamantha linkaona chilichonse chimene linabwera nacho kuchokera kunyumba. Ikapezeka tepi ya ku America, ya NTSC, pa TV yathu ya PAL, nthawi zina mitundu inkatheratu, ndipo pali mafilimu amene ndakula ndikulumbira kuti ndi a bulaki eni waiti pamene si choncho. Chithunzi chikayamba kudumpha tonse tinkakuwa, "Thirakingi, bwana!" Zikakanika, mwini sho ankatsegula deki, kunyowetsa kansanza ndi spiriti, n'kupukuta hedi ife tikudikira, wina akupitiriza nkhaniyo pakamwa.

Tepi imeneyo inali yabodza, palibe kukana. Koma bodza lake linali la mlenje wofotokoza za njobvu imene anaiphonya: aliyense pabwalo akudziwa kuti pakuonjezeredwa, ndipo mlenje naye akudziwa kuti tikudziwa. Palibe tsiku mwini sho analemba pabolodi kuti "monga anafunira wojambula."

Mawu amenewo ndi amene amalembedwa pa makope a masiku ano, ndipo ndi amene amautsa mikangano. Tengani Halloween ya John Carpenter ya 1978. Nkhani yake imachitika kumapeto kwa Okutobala m'chigawo cha Illinois, nyengo imene masamba kumeneko amafiira n'kuyoyoka, koma anaijambula ku California mitengo ili yobiriwira, mpaka ojambula ankachita kupaka utoto masamba ouma n'kumawamwaza pamsewu. Dean Cundey, amene anagwira kamera, anavomereza kope la DVD la 1999, lokhala ndi masana ofiirira ndi usiku wa buluu. Mu 2003 kunatuluka kope lina lowala, buluu uja atachepa, udzu uli biriwiri, ndipo okonda filimuyi anakwiya ngati awabera mbuzi. Mu 2013 Cundey yemweyo anayang'anira kope latsopano, ndipo mitundu yake sinafanane ndendende ndi ya 1999 imene anavomereza yekha. Munthu mmodzi, filimu imodzi, zoona ziwiri. Dracula ya kampani ya Hammer ya 1958, ija ya Christopher Lee, nayo itatuluka pa Blu-ray mu 2013 anthu anadandaula kuti aizizira ndi buluu, pamene iwo ankaikumbukira yotentha, ya makatani ofiira ndi magazi owala ngati penti.

Ndikamawerenga mikangano imeneyi ndimaseka pang'ono, chifukwa agogo anga akanaithetsa ndi liwu limodzi. Kwa iwo tsamba la nthochi linali lobiriwira, thambo la mu Meyi lobiriwira, mkanda wa buluu wobiriwiranso. Mawu akuti buluu ndi girini tinachita kuwatola kusukulu ndi m'sitolo za penti. Azungu akulimbana ngati usiku unali wa buluu kapena wa girini, agogo akanangoti, "Ee, wobiriwira," n'kupitiriza kusenda nandolo.

Pali zina zimene sindiseka. Mu Evil Dead momwemo, galimoto ikamawoloka mlatho koyambirira, Rob Tapert, mmodzi wa eni filimuyi, ankaoneka ataima m'tchire pambali. Pa kope la Blu-ray la 2010 anamufufuta ndi kompyuta. Ndi kanthu kakang'ono, ndipo eni ake ali ndi ufulu wosesa pakhomo pawo. Koma ukasesa usamauze alendo kuti pakhomo pako sipagwa tsamba. Anyamata aja anajambula filimuyi pa 16mm ndi ndalama zopemphapempha, magazi awo anali manyuchi a chimanga osakaniza ndi utoto wa zakudya, ndipo umphawi umenewo ndi mbali ya nkhani yake. Kuufufuta kuli ngati munthu wolemera amene akukana kuti anagulitsapo mandasi. Chikomekome cha mkuyu. Komanso ndisanamizire onse. Suspiria ya Dario Argento ya 1977, imene mphamvu yake yonse ili mu kufiira ndi buluu woboola m'maso, kampani ya Synapse Films inatha zaka ikuikonza pamodzi ndi Luciano Tovoli, amene anaijambula, n'kuitulutsa mu 2017. Mphwanga atandionetsa imeneyo ndinatseka pakamwa. Pa tepi yathu filimu yotere ikanangokhala phala lofiira, ndipo tikanapempha mwini sho kuti aike ya karate.

Kunena zoona, mizukwa ya azungu sinkatiopsa mpaka m'mafupa. Inali ya kutali, yokhala m'nyumba zosanja ndi m'nkhalango zopanda mitengo ya mango. Mantha enieni anabwera ndi a ku Nigeria. Living in Bondage ya 1992, ya munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, Nneka the Pretty Serpent, Karishika: izi zinkanena zinthu zimene tinkamva kale pachitsime ndi pamaliro, za kukhwima, za zizimba, za wamalonda amene golosale yake sikutha katundu. Mitundu yake inali yoipa kuposa ya azungu. Ankajambula ndi kamera ya vidiyo, nyali imodzi, ndipo usiku nkhope ya munthu wakuda inkasowa, kutsala maso, mano ndi mkanjo wofiira wa gulu lachinsinsi ukusefukira mbali zonse. Moto wotuluka m'maso mwa mfiti unali timizere tobiriwira toti mwana wa lero angajambule pa foni akudya chipisi. Koma potuluka m'menemo cha m'ma 9 koloko usiku, njira yopita kunyumba inkatalika, ndipo palibe ankafuna kukhala womaliza pamzere.

Apa mpamene kukoma kwa kale kumandiwawa pakhosi. Mafilimu ena a mtundu umenewu, monga End of the Wicked ya Helen Ukpabio ya 1999, ankaonetsa ana akuuluka usiku kukadya nyama ya anthu, ndipo ambiri a ife sitinkawaonera ngati sewero. Tinkati ndi umboni. Chifukwa chithunzi chake chinali chosakongola, chofanana ndi vidiyo ya ukwati wa msuweni wako, chinkaoneka ngati zinthu zochitikadi zimene wina wangozipeza ndi kamera. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kuloza munthu kuti ndi mfiti, koma ana ndi nkhalamba akhala akulozedwabe. Mphekesera za anamapopa zinavuta kumapeto kwa 2002, n'kubweranso mu 2017 kuyambira ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika mu Blantyre muno, anthu n'kuphedwa ndi anzawo. Sindikunena kuti tepi ndiyo inapha munthu. Mantha amenewo ndi akale kuposa deki. Koma mwana wa lero amene amaimitsa filimu n'kunena kuti "apa anagwiritsa ntchito kompyuta" ali ndi katemera amene ife tinalibe.

Mafilimu a ku Nigeria amenewa sangakonzedwenso ngati a azungu. Alibe negativi m'chipinda chozizira. Anabadwira pa tepi, ndipo tepi imachita nkhungu, imamatana, imadyedwa ndi deki. Kampani yomaliza yopanga madeki, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016. Zimene zatsala ndi zimene anthu anakweza pa YouTube kuchokera pa ma VCD okalikakalika, aja ankaima pakati pa chiganizo nkhope n'kusweka timabokosi. Ena tsopano amazidutsitsa m'makina osalaza chithunzi, ndipo zotuluka zake ndi anthu a khungu la pulasitiki, opanda thukuta, oyererako kuposa mmene amayi awo anawaberekera. Si zachilendo. Kwa zaka zambiri otsuka zithunzi za Kodak ankayeza makina awo ndi chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo n'chifukwa chake pa zithunzi zina za ukwati wa makolo athu diresi likuoneka ulusi uliwonse pamene mkwatibwi ali ngati mthunzi. Kale makina ankatidetsa mpaka kusowa, lero foni ikutiyeretsa osatifunsa. Ku Nigeria kwenikweniko anasankha njira ina: mu 2019 Ramsey Nouah anajambula yatsopano yopitiriza nkhani ya Living in Bondage, yowala, ya magalimoto apamwamba. Ndi yabwino ndithu. Ndinagona tulo tabwino nditaionera.

Mphwanga sanandisiye ndipambane. Sabata yotsatira ananditumizira nkhani ziwiri pa WhatsApp, ndipo zonse zinandigwetsa. Yoyamba: Night of the Living Dead ya George Romero ya 1968 inajambulidwa ya bulaki eni waiti, magazi ake anali chokoleti, koma mu 1986 kampani ya Hal Roach Studios inaipaka mitundu n'kuigulitsa pa tepi, mizukwa ili yobiriwira nkhope. Ndiye kuti kupenta filimu ya eni ake sikunayambe ndi ana a 4K. Kunalipo m'nthawi ya tepi yanga yokondedwayo, ndipo amene anaibwezera ku bulaki eni waiti yake yoyera bwino ndi okonzanso omwewa, a Museum of Modern Art ku New York, mu 2016. Yachiwiri inali yopweteka kwambiri. Nosferatu ya 1922, kholo la mafilimu onse a opopa magazi, anthu anaionera zaka zambirimbiri yopanda mtundu, n'kumadabwa kuti chilombo choopa dzuwa chikuyenda bwanji masanasana. Chonsecho eni ake anajambula masana n'kuviika zigawo za usiku mu utoto wa buluu. Makope otsatira anataya utotowo. Amene anaubwezera sanapente bodza, anabweza usiku umene unabedwa. Ndinayankha ndi kachala kokweza kaja, osaonjezera mawu.

Kenako ndinachita zimene ndikanayenera kuchita poyamba. Mwini vidiyo sho yathu uja alipobe. Anakalamba, amakhala pakhonde la kashopu ka mwana wake, komwe anyamata amaika mafilimu omasuliridwa m'Chichewa pa memore khadi ndi pa fulashi. Ndinamupatsa moni, ndinadzifotokoza kuti ndine mwana wa ayani, anandikumbukira chifukwa cha ngongole ya achimwene anga. Titacheza za amene anatisiya, ndinafunsa.

"Madala, paja Evil Dead ija munkationetsa, usiku wake sunali wobiriwira?"

"Zonse zinali zobiriwira, mwana wanga. Rambo wobiriwira, Bruce Lee wobiriwira. Chubu cha TV ija chinali chitatopa, kufiira kunkachita kuvuta. Ndinkapotokola kalala mpaka kumapeto kuti magazi aoneke, poti popanda magazi inu simukanabweranso."

Ndinakhala chete pang'ono. Panali chinthu china chimene ndinachisunga zaka zonsezi, chimene ndinachifunafuna pa sikirini ya mphwanga osachipeza. Ndinamuuza kuti ndimakumbukira bwino lomwe kuti chiwanda chija chikasendera kukona ya kumanzere, nkhope yake inkasanduka mtundu wa maluwa a jakaranda, ndipo tonse tinkadziwa kuti pamenepo ndiye chakwiya zenizeni. Okonzanso aja anachotsa zimenezo.

Mdala anaseka mpaka kutsokomola, mwana wake n'kusuzumira pawindo.

"Imeneyo inali sipika. Ili ndi maginito kumbuyo, ndiye mvula ikamagwa ndinkailowetsa n'kuiika pambali pa TV. Inadetsa kona yonse ija. Ngakhale Papa akanaima pamenepo akanasanduka jakaranda." Anapukuta misozi ndi chipewa. "Nanga achimwene ako aja ali kuti masiku ano? Ukawauze kuti ndikadali moyo."